Mjigo Auika Tsidya la Msewu

Sabata ino ndiyambe ndi kuulula, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi masiku asanu ndi limodzi. Ndinapita kumsonkhano ndili ndi funso limodzi lokha, lokhudza moyo wa mwana wanga, ndipo ndinabwerako osalifunsa.

Kwathu kuno ku Mitundu, minda ija inali kuseri kwa masitolo aidula mapuloti. Akuti pamangidwe nyumba zoyenda m'mizere, zokhala ndi tinjira pakati, osati zongomera paliponse ngati bowa. Ife nafe tinapezako puloti imodzi. Chikwatiwireni ndimakhala pamudzi pa apongozi anga, ndipo ngakhale amandisunga bwino, mkazi aliyense amadziwa kuti pakhomo pako ndi pamene umatha kuyanika zovala popanda kuyang'ana uku ndi uku. Ndiye puloti imeneyi ndimailota ndithu.

Lachiwiri la sabata yatha kunabwera anthu a zamapulani ochokera kutauni. Kalata yawo inati aliyense abwere adzanene maganizo ake pa malamulo a malo atsopanowa. Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu imene ndimaphunzitsa, ana ataweruka. Aphunzitsi aakulu anandipempha kuti ndithandize alendowo, choncho ndine amene ndinagwirizira mapu awo pabolodi pamene bambo wina wamagalasi ankakhomerera m'makona.

Mapu ndimatha kuwerenga. Ndi zomwe ndimaphunzitsa ana a sitandade sikisi. Ndinaona timabokosi ta mapuloti, ndinapezanso kathu, kachitatu kuchokera kumapeto. Ndinaona mzere wokhuthala wa msewu wa tala wochokera kutauni. Kenako ndinafunafuna madzi. Kadontho ka buluu kanali kamodzi kokha, ndipo kanali tsidya lina la mzere wokhuthala uja.

Ndinawafunsa bambowo chapansipansi ngati ndaona bwino. Anati eya, mjigo udzakhala kumeneko chifukwa ndi kufupi ndi dambo, madzi sali patali pokumba. Nanga zitsime za pakhomo? Anati zimenezo malamulo akuletsa, chifukwa mapuloti ndi oyandikana ndipo zimbudzi zingaipitse madzi. Atandiona nkhope anandilimbitsa mtima mwaulemu: "Mukafunse pamsonkhano, mayi. N'chifukwa chake tabwera."

Kuti mumvetse mantha anga, ndikuuzeni kumene ndinachokera. Ndinakulira ku Nathenje, m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Dedza. Nyumba yathu inali mbali ino, chitsime mbali inayo. Mng'ono wanga Lonesi ali ndi zaka zisanu anawatsatira amayi kumadzi, atasenza kachitini kake, iwo osadziwa kuti ali kumbuyo. Galimoto silinamuphe. Ali moyo, ndi mayi wa ana awiri tsopano, koma mwendo wakumanzere amachita kuukoka, ndipo kukazizira sagona. Amayi mpaka lero akamva matayala akulira pamsewu amasiya chimene agwira.

Mwana wanga woyamba, Tadala, ali ndi zaka zinayi. Chaka chino wayamba kunditsatira kumadzi ndi kachitini ka mkaka. Ndikamubweza amabisala kuseri kwa nkhokwe n'kudzatulukira kutsogolo. Kumsana ndili ndi wina wa miyezi isanu ndi iwiri.

Abambo amene mukuwerenga, munasenzapo ndowa yodzaza? Khosi silitembenuka. Kuti uone kumanzere umatembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, madzi asatayike. Ukamamaliza kuona kumanja, kumanzere kwatulukira kale minibasi. Ndipo masiku ano maminibasi achuluka, akuthamangitsana kulimbirana anthu. Onjezani malole a fodya nyengo yake ikafika, onjezani ngolo ndi njinga za tsiku la msika. Pamenepo ndiye tiziwoloka kanayi, kasanu patsiku, ana ali m'miyendo.

Funso langa ndinalikonza bwinobwino m'mutu. Linali lakuti: popeza nyumba zonse zili mbali ino, kodi mjigo sungabwere mbali inonso, pamalo aja mwasiya opanda kanthu pakati pa mapuloti, ngakhale kukumba kwake kutalike?

Anthu anadzadi. Abambo anakhala pamabenchi, ife amayi pansi chakumbuyo, monga mwa masiku onse. Kutsogolo anaika mipando isanu ya komiti ya malowa. Nditakweza maso, pampando wachiwiri panali apongozi anga aamuna, atavala jekete yawo ya kutchalitchi.

Ndinaiwala kuti anawasankha m'komiti. Kapena ndinene zoona, sindinaiwale, ndinangoganiza kuti adzakhala pagulu penapake pamene sindingawaone.

Inu amene munakulira m'tauni mwina mukuti, ndiye vuto lili pati? Ine kuno ndine mtengwa. Zaka zisanu tsopano sindinawayang'anepo apongozi anga m'maso. Tikakumana m'njira ndimapatukira kutchire n'kugwada. Akafuna kundiuza kanthu amatuma, ndikafuna kuwayankha ndimatuma. Sitidana ayi. Amandinyadira, amauza anzawo kuti m'nyumba mwawo munalowa mphunzitsi wa setifiketi yake ya kukoleji. Koma kuti ndiimirire pakati pa bwalo, iwo atakhala pampando moyang'anana nane, n'kuyamba kutsutsa mapu amene komiti yawo yalandira? Miyendo inakana. Ndinaiuza kawiri, inakana.

Ine yemweyu amene ndimaima tsiku lililonse pamaso pa ana odzaza kalasi mpaka pakhonde. Ine yemweyu amene ndimakulemberani muno za ufulu wa amayi.

Ndiye ndinachita zimene tinaphunzitsidwa. Ndinanong'oneza mlamu wanga Esinati, mlongo wa amuna anga, funso lonse monga mmene ndinalikonzera. Iye anadzuka, anayenda chowerama mpaka kumabenchi, anagwada pafupi ndi achimwene ake n'kuwanong'oneza. Ndinkamuyang'ana pakamwa. Ine ndinalankhula nthawi yotha kusenda chinangwa chimodzi. Iye anangotsekula pakamwa kawiri n'kubwerako.

Abambo a Tadala anakweza dzanja, anaimirira, anakonza kolala. "Zikomo apampando. Nanga za madzi zili bwanji?"

Bambo wamagalasi uja anayankha mosangalala kuti madzi aganiziridwa, kudzakhala mjigo watsopano wamadzi abwino, amayi sadzavutikanso. Anthu anawomba m'manja. Amayi ena anaimba nthungululu. Nditayang'ana manja anga ndinapeza nawonso akuwomba.

Bamboyo anandiyang'ana pang'ono, ngati akudikira. Ine ndinaweramira mwana n'kumupatsa bere, ngakhale sankalira.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndinatuma kandinenere, ndipo anakanena theka la theka.

Mafunso ena analipo ambiri, musaganize kuti anthu anangokhala duu. Wina anafunsa ngati adzaloledwa kumanga khola la mbuzi. Wina za chigafa cha fodya. Bambo wina anatenga nthawi yaitali kufotokoza kuti malire a puloti yake adya mtengo wa mango umene anabzala malemu bambo ake. Panabuka mkangano wa denga, laudzu kapena lamalata, mpaka dzuwa linapendeka. Onsewo ndi mafunso abwino. Koma mwa onse amene anaimirira tsiku limenelo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene amatunga madzi. Mayi mmodzi yekha ndiye analankhula, wapampando wa amayi a kutchalitchi, ndipo anapatsidwa mwayi wotseka ndi pemphero.

Alendo anakulunga mapu awo, mlembi wawo analemba kuti anthu amva ndipo agwirizana nazo, galimoto linanyamuka.

Tikubwerera ndinamufunsa Esinati chimene anawauza achimwene ake. Anaseka. "Alamu, funso lanu linali lalitali ngati ulaliki wa pamaliro. Ndikanagwada pamenepo mpaka liti, anthu onse akundiyang'ana? Ndinangoti mufunse za madzi."

Kunyumba ndinawayamba abambo a Tadala. Anadabwa kwambiri. Anati ndawatuma, afunsa, ayankhidwa, ndiye ndikufunanso chiyani? Nditawafotokozera za msewu anati ana a ku Mitundu ndi ochenjera, msewu amaudziwa. Ndinawakumbutsa kuti Lonesi nayenso anali wochenjera. Anatenga wailesi yawo n'kukakhala pansi pa mtengo.

Tsopano ndilankhule nanu, anzanga.

Chivotereni zipani zambiri takhala tikuuzidwa kuti pakamwa patseguka. N'zoona. Kale pamsonkhano wa boma unkapita kukamva ndi kukavina, funso unkalisiya kunyumba pamodzi ndi nkhuku. Lero amatiitana, amati nenani maganizo anu, ndipo palibe amene amakutsatira usiku chifukwa cha zimene wanena. Sindikuchepetsa zimenezi. Bambo anga anamwalira asanafunsepo funso pamsonkhano uliwonse.

Koma tasintha chiyani pakakhalidwe ka msonkhanowo? Mabenchi ndi omwe aja, okhalapo ndi omwe aja. Amene tinkakhala pansi tikukhalabe pansi. Tangowonjezera mawu akuti "pali funso?" kumapeto, ndipo wofunsayo amakhala atayang'ana kale wotchi.

Ndatopa nayo misonkhano yotere. Chaka chino chokha ndakhalapo pa wa zachitukuko, wa zaumoyo, wa makolo ndi aphunzitsi. Yonse imatha mofanana: anthu agwirizana nazo. Anthu ake ati? Pabwalo limodzi pamakhala mkamwini amene sangatsutse amalume a mkazi wake, wobwereka munda amene sangatsutse mwini munda, mtengwa amene sangaimirire pamaso pa apongozi. Mlendo wochokera kutauni amaona khamu. Ife timaona kuti uyu sangalankhule chifukwa cha uyo, uyonso chifukwa cha uja. Chete wathu ali ndi zifukwa zake, koma m'kope la mlembi amalembedwa kuti eya.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mwambo wa upongozi uthe. Wandisunga zaka zisanu popanda kukangana ndi makolo a amuna anga, chinthu chimene anzanga ambiri a m'tauni sanganene. Sindikunenanso kuti a zamapulani ndi oipa. Lamulo loletsa zitsime pafupi ndi zimbudzi ndi labwino, tonse tikudziwa zimene kolera amachita dzinja likafika. Zoti kudambo madzi ali pafupi n'zoonanso. Bambo uja sananame ngakhale pamodzi. Anayankha funso limene anafunsidwa.

Changa n'chakuti, ukafuna kudziwa za madzi, bwanji osapita kumene kuli otunga madzi? Amayi a kuno timakumana pachitsime m'mawa uliwonse. Timakumana kusikelo ya ana mwezi ndi mwezi, titakhala pamzere maola, pakamwa pali pololeka. Kumeneko mapu aja tikanawang'amba ndi mafunso. Mayi wosadziwa kulemba dzina lake akanangofunsa kuti, kuchokera pakhomo panga ndidzadutsa pati? Basi, nkhani yonse ikanaonekera poyera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife otsekula chitseko anatikhazika kutali ndi khomo.

Makhansala sitinasankhebe, woti tikamudandaulire palibe. Phungu timamuona pamaliro. Ndiye msonkhano umodzi uja, wa maola awiri, ndiwo unali khomo lokhalo. Ndipo nyumba zikamangidwa, mjigo ukakumbidwa, ndi zaka makumi angati tidzakhale tikuwoloka?

Komabe ndisathawire kwa ena. Ndinali pomwepo. Mapu ndinawagwira ndi manja anga. Mwa amayi onse anakhala pansi paja, ndine ndekha amene ndinaona pamapu kumene kuli kadontho kaja. Boma linandiphunzitsa zaka ziwiri kukoleji kuti ndizitha kuona zinthu zotere. Usiku wa Lachiwiri, Lachitatu, mpaka Loweruka, ndinkangoona Tadala ali pakati pa msewu ndi kachitini kake.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi, apongozi anga aakazi anabwera kukhitchini kwanga ndi mapepala atatu opindidwa. Anati abambo apatsidwa zimenezi monga a komiti kuti asunge, koma zili m'Chingerezi, ndiye akupempha ndiwawerengere.

Tinakhala monga timakhalira pakakhala nkhani. Apongozi aamuna pampando wawo pakhonde, kuyang'ana kubwalo. Ine pamphasa kuseri kwa ngodya ya nyumba, pamene sitingaonane. Amayi, akazi awo, pakati, pangodya penipenipo, kuti mawu azidutsira mwa iwo, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino.

Ndinawerenga ndime ndi ndime, ndikumasulira. Kutalika kwa nyumba kuchokera kumalire. Kuya kwa chimbudzi. Za ziweto. Pa ndime iliyonse ndinkamva "hmm" wawo kuseriko. Nditafika pa za madzi ndinamasulira monga zinalembedwera, kuti palibe wololedwa kukumba chitsime papuloti, ndipo onse azidzatunga pamjigo umene udzakhale kutsidya kwa msewu. 

"Hmm" sanamveke.

Patapita nthawi anafunsa akazi awo kuti, atero kuti kutsidya kwa chiyani? Amayi anabwereza. Anafunsanso ngati ndi msewu wa tala womwewu. Ndinati eya, kudzera mwa amayi.

"Ifeyo tinavomereza zimenezo?"

Amayi sanandipatsire funsolo. Apongozi anga maso awo anafooka, mapu aja pabolodi ankangoona chipepala choyera. Anakhala pampando wa komiti maola awiri, jekete ili pathupi, osadziwa chimene chajambulidwa kumbuyo kwawo. Palibe amene anawauza, poti aliyense ankaganiza kuti a komiti ndiye akudziwa zonse.

Kenako anafunsa ngati ineyo ndinazidziwa tsiku lomwelo. Apa ndiye ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinawauza amayi kuti ndinadziwa. Anafunsanso kuti, ndiye bwanji sindinanene? Amayi anayankha okha, osandidikira: "Inu, akanaima bwanji muli pompo?"

Ndinamva mpando ukulira. Anakhosomola, anaitanitsa madzi akumwa, anamwa. Za Lonesi amazidziwa, anamuona akukoka mwendo paukwati wathu.

Atayamba kulankhula sanadutsirenso mwa akazi awo. Analankhula molunjika kukhoma limene ndinali kuseri kwake, koyamba chikwatiwireni.

"Apongozi, Lachinayi tipita kuofesi kwa a zamapulani aja. Ine ndikakulowetsani, ndikanena kuti ndine wa komiti ndipo awa ndabwera nawo. Ndikatero ndikatuluka, ndikakhala panja. Mukanene zonse ndi pakamwa panu."

Ndinawomba m'manja mwaulemu kuseri kwa khoma. Misozi inagwera pamapepala a boma, ndinachita kupukuta ndi chitenje.

Ndikanakonda kukuuzani kuti nkhani yatha bwino. Sindikudziwa. Zikhomo za mapuloti anakhoma kale, ena ayamba kuumba njerwa. Tamva kuti galimoto lokumba mjigo libwera mvula isanayambe. Mwina kuofesiko akatiuza kuti bwana wapita kumsonkhano, tibwere sabata yamawa. Mwina akatsegula kope lija n'kutisonyeza kuti anthu a ku Mitundu anagwirizana nazo, ndipo sakanama. Ndapempha kale tchuthi cha tsiku limodzi kwa aphunzitsi aakulu. Esinati wavomera kutsala ndi Tadala, ndamuuza katatu kuti asamusiye kupita kumadzi. Wandiyankha kuti ndikapitiriza kumuuza ndipite naye ndekha.

Tidzakwera minibasi imodzi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni. Bambo wa imvi zake adzakhala pabenchi kunja kwa ofesi, padzuwa, kuti mpongozi wake athe kutsekula pakamwa. Ine ndili ndi mwayi, apongozi anga ndi munthu. Koma ndikamaganiza za Nathenje, za Diamphwe, ndi malo ena onse a m'mphepete mwa misewu kumene akudulanso mapuloti chaka chino, mtima umangolefuka.

Inu a zamapulani, mukadzafikanso pabwalo lina n'kufunsa kuti pali funso, amayi n'kungowerama, musadzafulumire kulemba. Mudzayambe mwafunsa kuti, kodi ndani ayenera kutuluka kaye pano kuti awa alankhule?